Kugula ndi Kusamutsa Makina Akale Opalira Matabwa



Komiti itandilembera kalata yondipempha kuti ndidzayankhule lero, idandipatsa mutu wakuti moyo wa munthu akapuma pantchito. Ine ndidapempha kuti mutuwo auchepetse, pakuti ndi waukulu ndipo alipo akuluakulu muno amene angaukambe bwino kuposa ine. Ndikamba chinthu chimodzi chokha chimene ndachigwira ndi manja angawa. Ambiri a ife tafika kapena tayandikira msinkhu wolandira kalata ija yotithokoza pamodzi ndi ndalama za penshoni. Ndalama zimenezi zimabwera kamodzi. Ena amagula minibasi, ena chigayo, ena amamanga nyumba zalendi, ndipo ena amabwerera ku fodya yemwe uja adatilipirira fizi. Ine m'chaka cha 2019 ndidagula makina atatu akale a m'fakitale, opalira ndi kuchekera matabwa, n'kuwaika kuseri kwa nyumba yanga. Angapo mwa inu mwakhala mukundifunsa pamaliro ndi pamaukwati kuti zimayenda bwanji, tsono ndaona kuti ndikuyankheni nonse pamodzi.

Funso loyamba limene anthu amandifunsa ndi lakuti, makina a chiyani pamene akalipentala ali mbwee pa Kasungu, pa Chinkhoma, pa Santhe, mpaka ku Chatoloma ndi Nkhamenya? Yankho lake mukalipeza mukaima pansi pa mtengo pamene kalipentala akugwirira ntchito. Muoneni bwino. Nthawi yake yambiri sithera pa kulumikiza chitseko kapena mpando ayi, koma pa kupala thabwa lokhakhala ndi puleni yamanja, thukuta lili kamukamu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Ntchito imeneyo makina amaimaliza munthu asadamwe kapu ya tiyi. Choncho ine sindidalowe m'mpikisano ndi akalipentala. Iwo ndiwo makasitomala anga. Amabwera ndi matabwa awo pangolo kapena panjinga, ndimawapalira ndi kuwang'ambira, amalipira pa thabwa lililonse, n'kumapita kukachita zaluso zimene makina sangathe. Kunena mwachidule, ndi chigayo cha matabwa. Zitseko, mafelemu ndi mabokosi a maliro timapanganso, koma chimene chimadyetsa banja tsiku ndi tsiku ndi kupalira anthu ena.

Nanga n'chifukwa chiyani akale? Makina amene ndikunenawa ndi aja adapangidwa ku Mangalande ndi makampani monga Wadkin ya ku Leicester, imene idayamba m'chaka cha 1897, Robinson ya ku Rochdale, komanso Sagar ndi Dominion a ku Halifax. Alinso ena a ku Italy, monga SCM, amene adabwera pambuyo pake. Ambiri adalowa m'dziko muno kudzera m'mamishoni, m'masukulu a zaumisiri, m'mawekishopu a boma ndi m'mafakitale a mipando. Thupi lawo ndi chitsulo chija chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, chonga cha nsimbi yamakala. Ndi olemera zedi, ndipo ubwino wawo uli m'kulemerako. Makina olemera sanjenjemera, ndipo makina osanjenjemera amatulutsa thabwa losalala ngati galasi. Timakina tatsopano totsika mtengo timene mumationa m'masitolo tidapangidwira munthu wofuna kupala matabwa asanu Loweruka masana. Mukatipatsa bulugamu wouma tsiku lonse, mota imapsa. Atsopano amphamvu alipo ndithu, koma amagulidwa ndi madola, ndipo mukudziwa nokha kuti Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makina akale amene ali kale m'dziko muno safuna kuti mukagwade kubanki kupempha ndalama zakunja.

Opezeka amapezeka, koma salengezedwa pawailesi. Amakhala m'mashedi a ku Kanengo, ku Makata ndi ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, ku Luwinga ku Mzuzu, m'mamishoni akale, ngakhale m'maesiteti ena a kuno kwathu amene adaleka kulima. Amene amadziwa kumene ali ndi amisiri okulunga mamota opsa, onola masowo, ndi ogula zitsulo zakutha. Otsirizawa ndiwo opikisana nanu enieni, chifukwa iwo amagula pa sikelo, ndipo makina abwinobwino ambiri aphwanyidwa ndi nyundo n'kugulitsidwa pa kilogalamu. Ena amakatenga ku Johannesburg, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Njira imeneyo ili ndi katundu wambiri woti musankhe, koma muwerengere msonkho wa MRA, wokuchotserani katundu pachipata, ndi mtunda wonsewo makina akugwedezeka.

Tsopano mundimvetsere bwino, chifukwa apa ndi pamene penshoni zambiri zidathera. Musadaone n'komwe makina, muyambe mwaona magetsi. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a single phase, a mavoti 230. Makina a m'fakitale amafuna three phase, ya mavoti 400. Kusiyana kwake sikuli m'kukula kwa waya kokha ayi. Mota ya three phase simungailumikize pa soketi ya m'nyumba ngakhale mutaitana m'busa kudzapemphera. Ndikudziwa khomo lina m'boma lino pamene makina okongola opalira matabwa akhala pansi pa mtengo wa mango zaka zinayi tsopano, atafundidwa lona, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwake. Mwini wake adagula kaye, n'kudzafunsa za magetsi pambuyo. Safunsa adadya phula.

Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana chigayo. Pamene pali chigayo chamagetsi, kawirikawiri pamakhala three phase, ndipo ngati chigayocho chili pafupi ndi inu, nkhani yanu yapepuka. Ngati thiransifoma ili kutali, pitani ku ofesi ya ESCOM akakuwerengereni mtengo wa mapolo ndi mawaya, ndipo pepala lakelo mulione ndi maso musadapereke ngakhale tambala kwa wogulitsa makina. Nthawi zina mtengo wokokera magetsi umaposa wa makinawo. Ngati zili choncho, ndi bwino kuchita lendi kamalo pa tireding'i senta kusiyana ndi kukakamira pakhomo.

Pali njira zina ziwiri. Yoyamba ndi kabokosi kotchedwa VFD, kamene kamalandira single phase n'kutulutsa three phase. Kamagwira bwino pa mamota aang'ono, a makilowati awiri kapena kuposera pang'ono, koma pokhapokha ngati pa kachitsulo ka motayo padalembedwa 230/400. Ngati padalembedwa 400/690, kabokosi wamba kameneko sikakuthandizani. Kachitsulo kameneka, kamene kamakhomedwa pambali pa mota, ndi chitupa cha makina. Kajambuleni pafoni n'kukaonetsa wamagetsi wodziwa ntchito. Kamanenanso mphamvu yake, ndipo aja tidakhoza Physical Science tikumbukira kuti hosipawa imodzi ndi mawati 746. Muonenso ngati padalembedwa 50 Hz, pakuti makina ochokera ku America amakhala a 60 Hz, ndipo kuno amazungulira mochedwerapo. Njira yachiwiri ndi jenereta. Apa mudziwe kuti mota ikamadzuka imakoka magetsi kasanu kapena kasanu n'kawiri kuposa pamene ikuyenda, choncho jenereta iyenera kukula kawiri kapena katatu kuposa motayo, ndipo dizilo yake idzadya phindu lanu. Ine jenereta ndilibe. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka cha 2023, ndipo miyezi imeneyo tinkagwira ntchito nthawi iliyonse imene magetsi ayaka, ngakhale tambala asadalire. Anansi anga ndidawapepesa ndi mabenchi.

Magetsi akalongosoka, pitani mukaone makinawo, ndipo musapite nokha. Ine ndidatenga anthu awiri: wamagetsi, ndi mkulu wina amene adaphunzira ukalipentala ku Namitete n'kugwira ntchito m'fakitale zaka zambiri. Mkuluyu adandiphunzitsa kuti penti yatsopano pa makina akale muziyiopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzimbiri lapamwamba si kanthu, limachoka ndi sandipepa ndi palafini. Choopsa ndi mng'alu. Chitsulo cha mtundu uwu chikang'aluka n'chovuta kuwotcherera, ndipo owotcherera a m'mbali mwa msewu amangomata pamwamba. Mkulu uja ankayenda ndi kanyundo, kugogoda apa ndi apo, khutu lili tcheru. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu la kusukulu. Chong'aluka chimangoti phu, ngati mbiya yosweka. Makina ena amene adatikopa tonse ndi penti yobiriwira tidawasiya pomwepo chifukwa cha kulira kwake.

Atatero adaika chitsulo chowongoka pa tebulo la makina opalira n'kusuzumira ngati kuwala kukudutsa pansi pake, chifukwa tebulo lodyeka pakati limatulutsa thabwa lopindika mpaka kalekale. Adagwedeza shafuti ndi manja kuti amve ngati maberingi atha. Maberingi ndi malamba musadandaule nazo, zimapezeka ku Lilongwe malinga mutenge nambala yake. Mota yopsa imakulungidwanso. Koma giya yothyoka mano, kapena chigwiriro china chimene chidasowa, mudzachifuna dziko lonse osachipeza, chifukwa ambiri mwa mafakitale amene ankapanga makinawa adatsekedwa kalekale. Tsono zing'onozing'ono zonse zimene zili m'makabati ndi pansi pa mabenchi a wogulitsa, monga mipeni yapadera, zotchingira, masipanala ake ndi buku lake ngati lilipo, muzitenge tsiku lomwelo. Pa masipanala pali nkhani. Makina akale a ku Mangalande ali ndi mabawuti a muyeso wa Whitworth, wa mainchesi, ndipo sipanala ya mamilimita imangoterereka n'kudya nati. Chimodzimodzi bowo la pakati pa sowo yozungulira: akale ambiri ndi a inchi ndi kota, pamene masowo ambiri a masiku ano ndi a mamilimita 30.

Chinthu chimodzi mkulu uja adakanitsitsa. Makina opalira ali ndi mgolo wozungulira umene umanyamula mipeni. Pa makina akale kwambiri mgolowu umakhala wa ngodya zinayi, ndipo ukagwira chala umakoka dzanja lonse. Wozungulira bwinobwino ndiwo wofunika. Ngakhale akupatseni ulere makina a mgolo wa ngodya zinayi, akaneni, kapena muwerengere mtengo wosinthitsa mgolowo. Ndipo ngati pamalopo pali magetsi, musalipire musadawamve akulira ndi kuwaona akupala thabwa limene mwabwera nalo nokha.

Za mapepala ndingonena pang'ono. Fakitale imene ikutseka nthawi zambiri imakhala ndi ngongole, ndipo makinawo mwina adaperekedwa chikole kubanki. Funsani, ndipo wogulitsa alembe kalata yonena kuti katunduyo ndi wake, yokhala ndi manambala a makina, chidindo ndi mboni. Kalata yomweyo ndi imene mudzaonetse pa marodibuloko a apolisi.

Tifike pa kusamutsa, pamene pali mtima wa nkhaniyi. Anga ndidawagula ku Kanengo: opalira, olemera pafupifupi tani imodzi, sowo yozungulira yong'ambira matabwa, ndi sowo ya lamba yotalika kuposa munthu. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndiye kuonjezapo msewu wafumbi wokafika kwathu, umene umadutsa madambo awiri. Chifukwa cha madambowo ndidadikira mpaka Juni, ngakhale tidagwirizana mtengo mvula isadathe. Kudikirako kudandipindulira kawiri. Ife a ku Kasungu tili ndi mwayi umene anzathu a maboma ena alibe. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, malole amanyamula mabelo kupita nawo ku Kanengo, ku okushoni ndi ku mafakitale, ndipo ambiri amabwerera opanda kanthu. Mwini lole amakondwa kupeza katundu wobwerera naye, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri poyerekeza ndi kuchita hayala lole yochokera m'tauni. Koma mugwirizane ndi mwini wake, osati dalaivala yekha, kuti china chikachitika panjira mudziwe wokamba naye.

Tsiku lonyamula lisadafike tidatha tsiku lathunthu tikumasula. Tidachotsa mipeni ndi masowo, tidamasula zonse zotulukira kunja, tidamanga mawaya ndi timapepala ta manambala, ndipo chilichonse tidachijambula tisadachimasule. Mabawuti a makina alionse adalowa m'chitini chawochawo. Matebulo tidawapaka girizi. Pokweza tidabwereka forklift kwa anansi a wogulitsa, ndipo apa mkulu uja adaima nji pa mfundo imodzi: makina sanyamulidwa pogwira matebulo ake. Anyamata amathamangira kukoleka tcheni pa tebulo chifukwa ndi pogwirika, koma tebulo likapindika ngakhale pang'ono, kapena khutu lake likathyoka, mwagula chitsulo cha pa sikelo. Amanyamulidwa kunsi, patsinde.

Pa lole, olemera koposa tidawagunditsa kumutu, kuseri kwa dalaivala, kuti akaponda buleki mwadzidzidzi asapeze mpata wothamanga. Pansi tidayala matabwa, chifukwa chitsulo pa chitsulo chimaterera ngati pa sopo, ndipo tidakhomera timitengo mozungulira tsinde lililonse. Sowo ya lamba ndi yolemera kumutu, yosachedwa kugwa, choncho tidaigoneka chagada pa matayala akutha msana wake uli pansi. Zingwe za sisalo zomangira mabelo tidazikana. Tidamanga ndi malamba a zokokera ndi matcheni, makina alionse paokha. Tidaima pa Lumbadzi kukoka malamba, tidaimanso pa Mponela, ndipo pamenepo tidapeza lamba mmodzi atakhwepa moti dzanja limalowa. Katundu wachitsulo amakhazikika akayenda pang'ono, ndiye malamba amafuna kukokedwanso. Pa Madisi dalaivala adafuna kukweza anthu a matola ndi matumba awo kumbuyo, monga mwa chizolowezi. Ndidamuuza kuti ndalama ya matolayo ndimupatsa ine, koma munthu asakhale pafupi ndi tani ya chitsulo pa msewu wa maenje. Adang'ung'udza mpaka pa mlatho wa Bua, koma tidafika.

Kumudzi forklift kulibe. Titafika tidapeza amuna oposa 20 atasonkhana, atavula malaya, ali okonzeka kunyamula pamanja, wina n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo ndi woona pa denga la nkhokwe, chifukwa denga likakulemerani mumaliponya pansi n'kuseka. Tani ya chitsulo ikapendekeka, mmodzi akaterereka, otsalawo sangaigwire, ndipo imagwera pa miyendo ya anthu. Tidachita zimene amachita okweza ng'ombe. Sabata imodzi m'mbuyomo tidakumba dzenje lotsetsereka kutsogolo kwa chitseko, lakuya kufanana ndi msinkhu wa lole. Lole idalowa chambuyo m'dzenjemo mpaka thandala lake lidalingana ndi nthaka. Tidayala matabwa okhuthala, tidatukula makina pang'ono ndi mgwala n'kulowetsa mapaipi atatu achitsulo pansi pake, ndiye n'kumakankha pang'onopang'ono, paipi yotsalira kumbuyo n'kumaibweretsa kutsogolo. Kumbuyo tidamangirira tcheni buloko kuti makina asathamange okha. Wolamula adali mmodzi yekha, mkulu uja, ndipo lamulo lidali lakuti chala chisalowe pansi pa chitsulo. Amuna asanu ndi mmodzi adakwana. Otsalawo adathandiza kumaliza thobwa. Sowo ya lamba tidaidzutsa ndi tcheni buloko yomweyo, titaikoleka pa milongoti itatu ya bulugamu yomangidwa pamwamba ngati mafuwa.

Nyumba ya makina isakhale yokongola, koma pansi pake pakhale konkire yokhuthala masentimita 15, yoikidwa levulo, youma bwino makina asadafike. Chitseko chikhale chachikulu, ndipo mukumbukire kuti thabwa la mamita asanu limafuna mamita asanu kutsogolo kwa makina ndi ena asanu kumbuyo. Ine ndidaboola zipupa ziwiri moyang'anana kuti thabwa lizilowera kwina n'kutulukira kwina. Polumikiza magetsi, wamagetsi adayesa kaye mota iliyonse mipeni ndi masowo zisadabwezeredwe. Pa three phase, mawaya awiri akasinthana mota imazungulira chobwerera, ndipo sowo yozungulira chobwerera imatha kumasula nati yake yomwe.

Aphunzitsi athu a Woodwork ali pano, ndipo akumbukira mmene ankatikwapulira tikasiya tchizulo m'mphepete mwa benchi. Makina awa sakwapula, amadula. Kuseri kwa sowo yozungulira kumakhala kachitsulo kopindika koletsa thabwa kutsina sowo. Anyamata amakonda kukachotsa ati kamachedwetsa ntchito, ndipo kakachoka thabwa limabwerera ngati muvi kulasa pamimba. Kwanga wochotsa kachitsulo kameneko kapena chotchingira chilichonse amalandira malipiro ake tsiku lomwelo n'kumapita. Thabwa lalifupi limakankhidwa ndi kamtengo, osati dzanja. Malaya olendewera, mowa wa dzulo, ndi ana, zonsezi zimathera pakhomo, ndipo switchi yaikulu ili m'bokosi la loko chifukwa adzukulu amakonda kudina chilichonse. Fumbi nalonso musalipeputse. Bungwe la IARC, limene limafufuza za khansa pansi pa World Health Organization, lidaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa m'chaka cha 1995. Zotseka pamphuno ndi m'makutu zigulidwe pamodzi ndi makina. Ndipo kwa ife alimi a fodya, nyumba ya utuchi italikirane ndi zigafa ndi mabalani, pakuti moto wa utuchi umanyeka chamumtima usiku wonse. Ine utuchi sugona. Oweta nkhuku zoyera amadzatenga madzulo alionse n'kusiyako kangachepe.

Chatsala ndi chimene chimandisowetsa tulo kuposa magetsi, ndicho matabwa enieniwo. Makina ndi mimba yosakhuta. Tonse tidakula tikuona chigwa chino chili ndi misuku, mitondo ndi milombwa, ndipo tidaona mmene maesiteti a m'zaka za m'ma 1970 adachilambulira, mabalani a fodya wowotcha akumeza nkhuni usana ndi usiku. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kuyambira 1990, zigafa zidachuluka, ndipo chigafa chilichonse ndi mitengo. Paini wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene tinkaiyesa yosatha, adachepa kwambiri ndi moto ndi kudula kosabwezera, ndipo mtengo wa thabwa udakwera. Ndiye mukakhala ndi makina, anthu amagogoda usiku ndi matabwa a mlombwa ndi mbawa, otsika mtengo, osanena kumene achokera. Tonse tikudziwa kuti achokera ku Chimaliro kapena kumalire a paki. Lamulo la nkhalango la 1997 lidakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zidakula. Wopezeka ndi matabwa opanda chilolezo amatha kulandidwa katundu ndi zipangizo zomwe. Mu 2022 msonkhano wa CITES udaika mlombwa, mbawa ndi msambamfumu pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a pakati pa maiko ayenera kuyendera zilolezo. Ine thabwa la mtengo wachilengedwe lopanda pepala la a zankhalango sililowa m'makina anga, ngakhale mwini wake akhale mbale.

Chimene ndimadalira ndi bulugamu ndi malaina. Maesiteti ankalamulidwa kusunga gawo limodzi mwa magawo 10 a malo awo kuti likhale la mitengo, ndipo amene adamvera lamulolo lero akugulitsa mitengo yaikulu bwino. Akalipentala amanyoza bulugamu kuti amang'aluka ndi kupotoka. Amatero akamupala ali wamuwisi. Muumikeni pamthunzi, matabwa atasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutatsendereza ndi miyala, ndipo mudikire miyezi ingapo. Malo abwino oumikira tili nawo kale: chigafa chimakhala chopanda ntchito fodya akapita ku msika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdani wina ndi mchenga wathu wa ku Kasungu uno. Thabwa lochekedwa pa dzenje n'kukokedwa pansi limadzaza mchenga, ndipo mchenga ndi misomali yobisika zimabunthitsa mipeni tsiku limodzi. Thabwa lililonse limatsukidwa ndi bulashi yawaya lisadalowe, ndipo mipeni ndili nayo mitundu iwiri, kuti ina ikapita ku Lilongwe kukanoledwa ntchito isaime.

Pa ndalama ndinene chilungamo. Mtengo wa makina udali ngati theka la zonse zimene ndidaononga. Theka linalo lidapita ku magetsi, konkire, lole, maberingi, mipeni ndi amisiri. Amene ali ndi ndalama yokwana makina okha asayambe. Ntchito nayo imatsata fodya: kuyambira Meyi mpaka Seputembala anthu amamanga ndi kugula mipando, koma Januwale ndi Febuluwale makina amakhala chete masiku ambiri, kupatula mabokosi a maliro. Mafelemu achitsulo adatilandanso gawo la msika. Komabe anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi amalandira malipiro pakhomo panga mwezi ndi mwezi, ndipo awiri mwa iwo akukonzekera mayeso a zaumisiri kudzera ku TEVETA. Mtsikanayo ndiye amatchera mipeni, chifukwa ndiye wodekha kuposa onse.

A Wapampando, m'mawa uno a Mphunzitsi Wamkulu adatiyendetsa m'makalasi. Ndidawerenga mafelemu achitsulo a madesiki oposa 60 ataunjikidwa kuseri kwa laibulale, matabwa ake adatha koma zitsulo zili bwinobwino, pamene ana a Fomu 1 akukhala atatu pa desiki ya awiri. Tidalowanso m'chipinda cha Woodwork, ndipo makina aja tinkaphunzirira ife akadali pomwe adali. Ndidawagogoda ndi kiyi wa galimoto, ndipo akulirabe ngati belu. Pempho langa ku komiti lili pawiri. Bungwe ligule matabwa a malaina ndi mabawuti, ine ndipala ndi kudula ulere, ndipo anyamata anga adzabwera kudzamanga madesikiwo pa holide ikubwerayi. Chachiwiri, makina a m'chipinda chija asagulitsidwe kwa a sikelo tisadabwere ndi wamagetsi kudzayesa mamota ake. Msungichuma ali ndi pepala pakhomo paja, ndipo thabwa limodzi likwana madesiki awiri.